Mkhristu Akamangidwa Chifukwa Cholima Chamba: Zimene Lamulo Limanena ndi Udindo wa Mphakati

M'maboma angapo a dziko lathu, monga Nkhotakota, Mzimba, Nkhata Bay, Kasungu ndi Ntchisi, nkhani ya munthu kumangidwa chifukwa cholima chamba si yachilendo. Apolisi akafika m'mapiri kapena m'mphepete mwa mitsinje amazula mbewu zonse, nanyamula mwini munda. Nthawi zina womangidwayo ndi mkhristu mnzathu: wobatizidwa, wa ukwati wa m'tchalitchi, mwina woimba kwaya kapena msungichuma wa mphakati. Zikatero banja lake limathamangira kwa katekisiti, popeza ndiye mtsogoleri wa Mpingo amene ali pafupi. Mafunso ake amakhala omwewomwewo. Kodi boma silidaloleze chamba? Kodi tipereke ndalama zingati kuti atuluke? Nanga Mpingo umuchotsa?

M'nkhani ino tikufuna kuyankha mafunso amenewa mwadongosolo, kuti makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati akhale ndi poyambira. Mfundo yathu ndi imodzi. Kulima chamba popanda chilolezo ndi mlandu pamaso pa boma, ndiponso ndi cholakwa chachikulu pamaso pa Mulungu; komabe munthu wozengedwa mlanduwu sasiya kukhala mbale wathu, ndipo ali ndi ufulu umene malamulo a dziko amampatsa. Mphakati wosadziwa ufulu umenewu umalephera kuthandiza, ndipo kawirikawiri banja limagwa m'manja mwa anthu a ziphuphu.

Kodi boma lidaloleza chamba?

Mphekesera yakuti chamba chidaloledwa yalowetsa anthu m'mavuto, choncho tiyambe ndi iyo. Lamulo lakale loletsa mankhwala ozunguza bongo m'dziko muno ndi la Dangerous Drugs Act, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1956, dziko lino likadali Nyasaland. Ndi lamulo limeneli limene apolisi ndi makhoti akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri pozenga anthu opezeka akulima, kusunga kapena kugulitsa chamba. Palinso pangano la mayiko la m'chaka cha 1961, la bungwe la United Nations, limene lidaika chamba m'gulu la mankhwala oyenera kuyang'aniridwa mwamphamvu. Mu December 2020 bungweli lidavomereza kuti chamba chili ndi ntchito yake kuchipatala, nkuchichotsa m'gulu la mankhwala oopsa koposa, koma lidachisiyabe m'gulu la mankhwala osaloledwa kulimidwa ndi kugulitsidwa mwachisawawa.

Kuno kwathu kusintha kudabwera mu February 2020, pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act. Lamuloli lidatsegula khomo la ulimi wa mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi chamba cha kumafakitale, chimene luzi lake amapangira zingwe, nsalu ndi mapepala, ndipo njere zake amayengera mafuta. Chamba chimenechi chili ndi THC wochepa kwambiri, ndipo THC ndiye chinthu chimene chimazunguza mutu munthu akasuta. Mtundu wachiwiri ndi chamba chopangira mankhwala a kuchipatala ndi chochitira kafukufuku. Lamulo lomweli lidakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, limene limapereka ziphaso ndi kuyang'anira ulimiwu. Mu March 2024 aphungu adavomerezanso kuti mtundu wa chamba wa kuno kwathu uzitha kulimidwa ndi anthu okhala ndi ziphaso.

Mawu ofunika pa zonsezi ndi akuti chiphaso. Munthu wodzala chamba m'dimba mwake popanda chiphaso akulakwira lamulo lero monga momwe akadalakwira chisanafike chaka cha 2020. Kusuta chamba nakonso sikudaloledwe. Ndipotu lamulo la 2020 lidaika chilango chokhwima kwa wolima, wokonza kapena wogulitsa chamba popanda chilolezo: ukaidi wofika zaka 25 ndi chindapusa chofika K50 miliyoni. Chiphaso sichiperekedwa ndi nyakwawa kapena mlangizi wa zaulimi, ndipo mtengo wake sudali wa mlimi wa kumudzi. Pamene mitengo idalengezedwa koyamba mu 2020, chiphaso cholimira chamba cha mankhwala chinkafuna madola 10,000 a ku America. Nchifukwa chake alimi ang'onoang'ono ofuna ulimiwu amadzera m'magulu olembetsedwa mwalamulo. Munthu akabwera m'mudzi nanena kuti ali ndi chiphaso, nafuna kuti ena amulimire m'minda mwawo, nkofunika kufunsa ku bungwe lopereka ziphaso ngati mlimiyo ndi munda wake zidalembedwa. Makolo athu adati safunsa adadya phula.

Munthu akamangidwa

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene adayamba kugwira ntchito mu 1994, m'gawo 42 amateteza munthu aliyense womangidwa, ngakhale amene wagwidwa m'munda wa chamba khasu lili m'manja. Womangidwa ayenera kuuzidwa msanga, m'chilankhulo chimene akumva, chifukwa chimene wamangidwira. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo ayenera kuchenjezedwa kuti zimene anene zikhoza kukagwiritsidwa ntchito ngati umboni kukhoti. Palibe wololedwa kumumenya kapena kumuopseza kuti avomere mlandu. Apolisi akalemba sitetimenti yake, munthu wosadziwa kuwerenga apemphe kuti amuwerengere yonse asanadinde chala, pakuti pepala limenelo lidzamutsata mpaka pamaso pa majisitireti.

Gawo lomweli limanena kuti womangidwa atengeredwe kukhoti pasanathe maola 48. Ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamulungu kapena pa tsiku la tchuthi, akaonekere tsiku loyamba limene khoti litsegule. Zikapanda kutero, ayenera kutulutsidwa. Banja liziwerenga maola amenewa, ndipo nthawi ikapyola lifunse mwaulemu kwa mkulu wa polisi ya m'deralo.

Pali ufulu wina umene umatikhudza ife mwachindunji. Munthu wosungidwa m'chitokosi kapena kundende ali ndi ufulu woyenderedwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, achibale, dokotala, komanso mlangizi wa chipembedzo chake. Motero wansembe kapena katekisiti wopita kukaona mkhristu kupolisi akuchita chinthu chimene malamulo a dziko amalola, malinga atsate nthawi ndi dongosolo la pamalopo. Asachite mantha, ndipo asapite ngati wopemphetsa.

Nkhani ya belo ndiyo imasokoneza anthu kwambiri. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Aliyense wopempha ndalama kuti atulutse munthu m'chitokosi akupempha chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse amalakwira lamulo loletsa katangale la 1995. Belo ya kukhoti imatha kufuna ndalama ya chikole, koma ndalamayo imaperekedwa ku ofesi ya khoti, ndipo wopereka amalandira lisiti. Poganizira belo, khoti limayang'ana kukula kwa mlandu, ngati munthuyo angathawe, ndiponso ngati angasokoneze mboni. Kawirikawiri limafuna anthu odalirika omuimira, amene amalonjeza kuti womangidwayo azifika tsiku lililonse la mlandu. Mkhristu wovomera kuimira mnzake adziwiretu kuti mnzakeyo akathawa, iye ndi amene adzalipire ndalama imene adalonjeza. Ndipo wothawa belo asaganize kuti wapulumuka, pakuti mlandu suola.

Pamaso pa khoti

Milandu yambiri ya chamba imazengedwa m'makhoti a majisitireti. Woimira boma, amene nthawi zambiri amakhala wapolisi, ndiye ali ndi udindo wotsimikizira khoti kuti mlandu udachitikadi. Wozengedwa amatengedwa kukhala wosalakwa kufikira umboni utamutsutsa. Pa mlandu wolima, boma liyenera kuonetsa zinthu ziwiri: kuti mbewu zimene zidazulidwa ndi chamba ndithu, ndiponso kuti wozengedwayo ndiye ankalima kapena ankathandiza kulima akudziwa. Pa mfundo yoyamba apolisi amatumiza mbewuzo kwa akatswiri a malo ofufuzira zaulimi, monga Chitedze ku Lilongwe kapena Bvumbwe ku Thyolo, ndipo lipoti lawo limaperekedwa kukhoti. Mfundo yachiwiri ndi imene imakola anthu amene sankadziona ngati alimi a chamba: waganyu wopalira, mwini dimba wobwereketsa akudziwa chimene chidzalidwemo, mayi wosunga matumba kudenga, mnyamata wa kabaza wonyamula katundu. Lamulo limaona wothandiza mwadala kukhala wolakwa pamodzi ndi mwini ntchito.

Mlandu ukawerengedwa, wozengedwa amafunsidwa ngati akuuvomera kapena akuukana. Apa mkhristu ayenera kumvetsa bwino. Kukana mlandu m'khoti ndi njira youza boma kuti libweretse umboni wake, ndipo ndi ufulu wa aliyense. Wosalakwa asavomere chifukwa chotopa ndi rimandi, kapena chifukwa wina wamunong'oneza kuti akavomera angolipira kachindapusa nkubwerera kwawo. Wolakwa amene chikumbumtima chikumutsutsa achita bwino kuvomera, ndipo makhoti kawirikawiri amachepetsako chilango cha munthu wovomera msanga. Zimene mkhristu sangachite ndi kunama atalumbira, kukankhira mlandu kwa wosalakwa, kapena kugula mboni. Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu silithera pakhomo la khoti.

Chilango chisanaperekedwe, wopezeka wolakwa amapatsidwa mwayi wodandaula kuti khoti limuchitire chifundo. Ambiri amataya mwayi umenewu chifukwa cha mantha, nangoti alibe mawu. Khoti limaganizira kuchuluka kwa chamba, ngati chinali chamalonda, zaka za munthuyo, thanzi lake, ndiponso ngati ndi koyamba kulakwa. Lamulo lozengera milandu limalangiza makhoti kuti wolakwa koyamba asatumizidwe kundende ngati pali chilango china choyenera, ngakhale kuti pa chamba chochuluka ukaidi umavuta kupewa. Wosakhutira ndi chigamulo ali ndi ufulu wochita apilo ku High Court, ndipo achite zimenezi msanga popeza masiku ake ndi owerengeka. Bwalo lalikululi limaunikanso lokha zigamulo zina za majisitireti, ndipo lili ndi mphamvu yochepetsa kapena kuonjezera chilango.

Womangidwa akakhala wosakwana zaka 18, ndi mwana pamaso pa lamulo. Makolo ake ayenera kudziwitsidwa, asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu, ndipo mlandu wake upite kukhoti la ana monga likunenera lamulo loteteza ana la 2010. Pakakhala mkangano pa zaka za mwanayo, kalata ya ubatizo yochokera m'kaundula wa parishi ikhoza kuthandiza. Katekisiti asazengereze kukaipempha kwa bambo mfumu.

Chilungamo chisamayang'ane nkhope

Lamulo ndi limodzi kwa onse, koma wosauka ndi wolemera safika kukhoti ndi mphamvu zofanana. M'chaka cha 2022 dziko lidatekeseka pamene khoti la majisitireti mumzinda wa Blantyre lidalamula mnyamata wina kukakhala kundende zaka 8 pa mlandu wa chamba, pomwe m'nyengo yomweyo mkulu wa kampani ina yaikulu adangolipitsidwa chindapusa pa mlandu wokhudzanso chamba. Milandu iwiriyi sidali yofanana m'zonse, koma anthu adaona kutalikirana kwa zilangozo, nachita zionetsero. Pambuyo pake High Court idachepetsa chilango cha mnyamatayo kufika pa zaka 3. Tiphunzirepo kuti chigamulo choyamba si mathero a mlandu, ndipo wosauka akapeza womuyankhulira, bwalo limamva.

Omuyankhulira alipo, kungoti anthu a kumudzi sawadziwa. Bungwe la boma la Legal Aid Bureau, limene lidayamba ntchito zake mu 2015, limapereka maloya kwa anthu osakwanitsa kulipira loya. Lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba komanso m'maboma ena. Kuyambira m'chaka cha 2000, alangizi a zamalamulo a bungwe limene lero limatchedwa PASI akhala akuyendera ndende, mapolisi ndi makhoti, kuphunzitsa a pa rimandi momwe angapemphere belo ndi kudziyankhira mlandu. Mu Mpingo momwemu tili ndi nthambi ya Chilungamo ndi Mtendere, CCJP, imene ili ndi makomiti m'madayosizi ndi m'maparishi. Mphakati uliwonse uyenera kudziwa munthu wa komiti imeneyi wa pa parishi yawo vuto lisanagwe.

Nkhawa ya Mpingo pa kayendedwe ka milandu si ya lero. Mu March 1992, m'kalata yawo ya nyengo ya Lenti, maepiskopi a dziko lino adakumbutsa mtundu wonse za abale amene ankasungidwa m'ndende osadziwa tsiku limene milandu yawo idzamvedwe, napempha kuti makhoti akhale oima paokha ndi osakondera. Ufulu wa m'gawo 42 udabwera patangotha zaka ziwiri. Kukhala m'ndende nakonso ndi nkhani ya chilungamo. M'chaka cha 2009 High Court, poweruza nkhani ya malamulo oyendetsera dziko, idagamula kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu, nilamula boma kuti lichepetse chiwerengero chawo ndi theka m'miyezi 18. Kudzaza kwa ndende monga Maula, Chichiri ndi Zomba kwakhala kukudandaulidwabe m'zaka zotsatira. Choncho tsiku lililonse limene munthu akhala pa rimandi popanda chifukwa ndi katundu wolemera, kwa iye ndi kwa akaidi anzake.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Kuteteza ufulu wa wozengedwa sikutanthauza kuchepetsa kulakwa kwake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene adatuluka mu 1992 pa utsogoleri wa Papa John Paul II, amakamba za mankhwala ozunguza bongo pofotokoza lamulo lachisanu la Mulungu, loletsa kupha. Ndime 2291 imaphunzitsa kuti mankhwalawa amaononga kwambiri thanzi ndi moyo wa munthu, kotero kuwagwiritsa ntchito ndi tchimo lalikulu, kupatula pamene pali chifukwa chenicheni cha kuchipatala. Imapitiriza kunena kuti kuwapanga ndi kuwagulitsa mobisa ndi kuchimwitsa ena, ndiponso kutenga nawo mbali m'choipa mwachindunji. Tikuona apa kuti mlimi wokhala ndi chiphaso, wolima chamba cha mafakitale kapena cha mankhwala motsata lamulo, sakutsutsana ndi chiphunzitsochi. Wolima mobisa kuti anthu asute ndiye akukhudzidwa.

Mlimi wina anganene kuti iye sasuta, amangolima. Koma thumba lochoka m'dimba lili ndi kumene limathera. Limathera m'misika ndi m'madepoti a m'tauni, kuseri kwa masukulu, ndipo lina limadutsa malire mpaka ku South Africa. Akatswiri a zaumoyo amatiuza kuti bongo wa munthu umapitirizabe kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo woyamba kusuta chamba ali wamng'ono, nasuta kawirikawiri, amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a misala ndi kulephera maphunziro. Ogwira ntchito pa chipatala cha matenda a m'maganizo cha Zomba, ndi pa chipatala cha St John of God ku Mzuzu, amalandira achinyamata otere. Aliyense wa iwo ndi mwana wa munthu, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tikudziwa chimene chimakokera alimi ku ulimi woletsedwawu. M'madera a kumapiri, kumene misewu ndi yovuta ndipo misika ili kutali, chamba sichiola msanga, sichilemera ponyamula, ndipo wogula amafika yekha ndi ndalama m'manja. Feteleza akadula ndipo sukulu fizi ikafunika, yesero limakula. Mpingo sunyalanyaza zimenezi. Ndime 1735 ya Katekisimu yemweyo imavomereza kuti umbuli, mantha, kukakamizidwa ndi mavuto a moyo zimatha kuchepetsa kulakwa kwa munthu. Koma kuchepa kwa kulakwa sikusandutsa choipa kukhala chabwino. Tionenso amene amapindula. Mlimi amalandira kagawo kochepa ka mtengo umene chamba chimagulitsidwira m'mizinda, pomwe munda umene apolisi amaupeza ndi wake, ndipo kundende amapita ndi iye. Wamalonda wamkulu kawirikawiri sadziwika ngakhale dzina. Mu June 2014, polankhula ku Roma kwa akuluakulu a mabungwe olimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, Papa Francis adakana maganizo akuti kuloleza mankhwala osangalatsira thupi kungathetse vutoli, nanena kuti yankho lili pa kupatsa achinyamata maphunziro ndi ntchito.

Nanga womangidwa achotsedwa mu Mpingo? Ayi. Kumangidwa kapena kugamulidwa kukhala wolakwa sikufafaniza ubatizo. Nkwanzeru kuti wokhala ndi udindo mu mphakati kapena m'bungwe ayambe watula pansi udindowo mpaka mlandu utatha, koma za masakramenti asiyire bambo mfumu. Katekisiti kapena wapampando alibe mphamvu yoweruza yekha nkhani imeneyi. Khomo la Sakramenti la Kulapa ndi lotsegula, ndipo kulapa koona kumafuna mtima wotsimikiza kusiya, kuphatikizapo kuzula zimene zatsala m'dimba ndi kutaya mbewu yosungidwa. Akhristu ena amaopa kulapa tchimoli poganiza kuti nkhani ikafika kupolisi. Asaope. Malamulo a Mpingo, pa nambala 983, amaletsa kotheratu wansembe kuulula zimene wamva pa kulapa, pa chifukwa china chilichonse.

Zimene mphakati ungachite

Ntchito yoyamba ndi kutseka pakamwa pa miseche. Mlandu usanathe, palibe wa ife amene akudziwa zonse, ndipo mkazi ndi ana a womangidwa sadazengedwe mlandu. Asasalidwe pa mapemphero a mphakati, kumjigo kapena ku kalasi ya katekisimu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ntchito yachiwiri ndi kuteteza banja kwa akuba. Munthu akangomangidwa, pamabwera anthu odzitcha odziwana ndi apolisi kapena a kukhoti, nalonjeza kuti fayilo isowa. Mabanja amagulitsa mbuzi, njinga ngakhale munda, ena natenga katapila, koma mlandu nkupitirirabe. Ndalama ya mphakati isagwiritsidwe ntchito pa chiphuphu, ngakhale chitatchedwa dzina lokoma lotani. Ithandize pa thiransipoti yopitira kukhoti, pa chakudya ndi sopo wa womangidwa, ndi pa ulendo wokaonana ndi a Legal Aid Bureau kapena a CCJP. Wopemphedwa chiphuphu akhoza kukanena ku bungwe lolimbana ndi katangale la ACB.

Ntchito yachitatu ndi kukhalapo. Tsiku la mlandu, akhristu awiri kapena atatu aperekeze banja kukhoti, amvetsere bwino, nalembe tsiku limene mlandu udzalowenso. Katekisiti akapemphedwa kuchitira umboni za khalidwe la wozengedwa, anene zoona zokhazokha: zaka zimene wamudziwa, ana amene akulera, ntchito zimene wagwira mu Mpingo. Asaonjezere, ndipo asanene za mlandu zimene sadaone ndi maso ake. Ngati chigamulo ndi ukaidi, mphakati ukonze ndandanda ya okayendera mkaidiyo, ndipo dzina lake liperekedwe kwa wansembe wotumikira pa ndendeyo. Mu Mthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 25, Ambuye Yesu adaika kuyendera am'ndende pakati pa ntchito zimene tidzaweruzidwe nazo, ndipo sadasiyanitse mkaidi wolakwa ndi wosalakwa.

Ntchito yachinayi ndi ya kumunda. Bambo akakhala kundende dzinja lonse, munda wa chimanga umagonera, njala nilowa m'nyumba, ndipo mwana wamkulu amasiya sukulu nkubwerera ku dimba lomwe lija. Umu ndi momwe mlandu wa bambo umasandukira mlandu wa mwana. Tsiku limodzi la mphakati wonse m'munda wa banjalo pa nthawi yogalauza, yopalira ndi yokolola likhoza kudula unyolo umenewu. Mutu umodzi susenza denga.

Ntchito yomaliza imayamba tsiku limene mkaidi watuluka. Ndime 2266 ya Katekisimu imaphunzitsa kuti chilango cha boma, kuonjezera pa kukonza cholakwika ndi kuteteza anthu, chiyenera kukhala ngati mankhwala othandiza wolakwa kusintha. Mankhwalawo sagwira ntchito ngati wotuluka kundende apeza makomo onse otseka kupatula la wogula chamba. Alandiridwe mu mphakati, aloledwe m'gulu la banki mkhonde, ndipo alumikizidwe ndi alangizi a zaulimi kapena a CADECOM kumene akugwira ntchito, kuti dimba lomwe lija libale nyemba, anyezi, mpunga kapena nthochi, kapena ayambe ulimi wa njuchi. Phindu lake ndi locheperako ndipo limabwera pang'onopang'ono, koma munthu amagona m'nyumba mwake osadzidzimuka galimoto ikamveka usiku. Ndipo ngati mwini wake adazolowera kusuta, aperekezedwe kuchipatala, popeza chizolowezi chotere chimafuna thandizo la akatswiri pamodzi ndi pemphero.

Makatekisiti asadikire kuti wina amangidwe. Nkhani imeneyi ikambidwe m'miphakati ndi m'magulu a achinyamata, makamaka nyengo yodzala isanafike. Tsiku la 26 June, limene mayiko amakumbukira nkhondo yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, ndi mwayi wina woitana wapolisi wa m'dera, wa zaumoyo ndi wa CCJP kuti adzayankhe mafunso a akhristu. Amene akudziwa kuti mnzake wadzala chamba amulangize pambali mwachikondi, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Pa 26 December 2024, poyamba Chaka Choyera cha 2025, Papa Francis adakatsegula Khomo Loyera m'ndende ya Rebibbia ku Roma, kusonyeza kuti chifundo cha Mulungu chimafika ngakhale kuseri kwa mpanda wa ndende. Munthu woyamba kulonjezedwa Paradizo ndi Ambuye ali pa mtanda adali wopalamula amene adavomereza kuti chilango chake chinali choyenera, monga tikumva mu Luka, mutu 23. Tiyeni tsono tipempherere abale athu amene akuzengedwa milandu ndi amene akugwira ukaidi, mabanja awo, achinyamata amene chamba chawaononga, ndiponso apolisi ndi oweruza, kuti agwire ntchito yawo mosakondera. Ndipo mphakati ukakumana sabata ino, ufunse ngati pali banja lina pakati pathu limene likusenza lokha katundu ameneyu.